Migolo ya Zivindikiro Zoyera

9 Febuluwale

Okondedwa Mayi a ana,

Moni wochuluka kwa inu ndi ana onse. Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino. Ine kuno ndili bwino, kupatula msana umene umandikumbutsa zaka zanga m'mawa uliwonse. Wogwira cholembera ndi a Tela omwe aja, anzanga ogona nawo chipinda chimodzi. Akuti ndikupatseni moni, akutinso ndizilankhula pang'onopang'ono chifukwa dzanja lawo si makina osokera.

Kalata yanu inafika. A Tela anandiwerengera kawiri, kachitatu ndinachita kuwagula ndi shuga. Kani Chisamba wathu, mwana woyamba kutitcha makolo, wasankhidwadi kupita ku sekondale! Iwe Chisamba, poti ndiwe ukuwerengera amayi ako kalatayi, apa ukweze mawu: bambo ako anavina m'kachipinda kopanda povinira mpaka anagwetsa ndowa ya madzi. Kwathu ndi kwa amayi ako komwe, palibe mwana wamkazi kapena wamwamuna amene anapondako pamenepo.

Koma nkhani ya achimwene anu yandiwawa. Ati mwana akagwire ntchito ya m'nyumba kwa mayi wa sitolo uja m'tauni, chifukwa sukulu ya mtsikana n'kutaya ndalama? Mukawauze mwaulemu kuti mwanayo ali ndi bambo ake, ndipo bambowo sanafe. Ngati mayi wa sitolo akusowa womutsukira mbale, alamu anga ali ndi manja awiri athunthu.

Ndatumiza mazana asanu ndi limodzi. Anayi mukapereke fizi, mutenge lisiti, ndipo Chisamba aliwerenge musanachoke pa zenera la ofesi. Otsalawo ndi a yunifolomu ndi makope. Nsapato adikire mwezi wamawa. Za denga lothonya ndamva, pakadali pano ikanipo beseni.

Ntchito ndi yomwe ija ya kochapira nsalu. Chaka chachinayi tsopano ndikukankha ngolo. Nsalu za m'mahotela ndi za m'zipatala zimabwera m'matumba, ine ndimazitenga pa geti kupita nazo ku makina, kuchoka ku makina kupita kwa amayi osita. Malipiro a ngolo sangasenze zaka zinayi za sekondale, zimenezo ndikudziwa. Buledi nayenso wakwera mtengo. Koma musade nkhawa, mutu ukugwira ntchito.

Ndine wanu,
Bambo a ana


30 Malichi

Mayi a ana,

Moni kwa inu nonse. Kodi mzime wathu zilonda za m'mutu zija zinapola? Ine ndili bwino kwambiri, ndipo lero ndili ndi nkhani yoti mumve mutakhala pansi.

Ngolo ndasiyana nayo. Mkulu amene ankagwira ntchito m'kachipinda ka mankhwala wapuma, ndiye kapitawo anandiitana. Anati, "Iwe sujomba, suba, sumwa. Kuwerenga umatha?" Mayi a ana, m'maso mwanga munabwera mapazi a Chisamba opanda nsapato, pakamwa panayankha pokha. Ndinati, "Ndimatha, bwana." A Tela pano akupukusa mutu. Lembani, a Tela, mutuwo mupukusa mukamaliza.

Musaope, ntchito yake ndi yosavuta. M'kachipindamo muli migolo ya mitundu inayi ndi mathanki anayi. Ine ndimapopa mankhwala kuchoka mu mgolo kulowa m'thanki yake, makina ochapira amakoka okha. Mgolo uliwonse uli ndi chivindikiro cha mtundu wake, thanki nayo ili ndi mzere wa penti wa mtundu womwewo. Chachikasu ndi sopo, chabuluu n'chofewetsa nsalu, chofiira n'choyeretsa, chobiriwira n'chochotsa dzimbiri. Mkulu uja ponditsanzika anandigwira phewa. Anati, "Mphwanga, zina zonse ukhoza kulakwitsa, zowonongeka ndi nsalu basi. Koma chofiira ndi chobiriwira zisadzakumane." Ndinati ndamva, zili ngati amayi anga ndi amayi anu. Iwe Chisamba, ngati agogo ako ali pafupi mzere umenewu udumphe.

Pali kapepala kamene ndimachonga tsiku lililonse. Kuchonga ndimatha, ndipo ndimachonga ndi nkhope ya munthu wophunzira. Ukaipa dziwa nyimbo.

Chisamba, mwina amayi ako sanakuuzepo. Ine m'kalasi ndinakhalamo miyezi iwiri yokha. Agogo ako anandichotsa kuti ndikawete mbuzi za eni, malipiro ake kambuzi kamodzi pa chaka. Chimene ndimakumbukira cha ku sukulu ndi fungo la choko basi. Kuyambira pamenepo munthu akandipatsa pepala ndimamuuza kuti magalasi ndaiwala kunyumba, chonsecho magalasi sindinavalepo chibadwire. Zimandichititsa manyazi mpaka lero.

Malipiro akwera ndi theka. Ndatumiza mazana asanu ndi atatu. Mumugulire nsapato zakuda, zokulirapo pang'ono, phazi likukula. Njinga yakale ija mukonzetse kuti asamayende wapansi mtunda wonsewo. Nkhani ya kuwerengayi ikhale ya m'nyumba, isafike kwa achimwene anu.

Wanu,
Bambo a ana


14 Juni

Mayi a ana,

Landirani moni wanga. Ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino ndiponso kuti malata awiri aja akhomedwa. Kuno kwayamba kuzizira. Zenera lathu losweka tatseka ndi katoni, mwini nyumba akuti akonza, monga ananenera chaka chatha.

Lipoti la Chisamba a Tela andiwerengera. Nambala 3 pa ana makumi asanu ndi limodzi! Awiri apamwambawo ndi ana a yani? Ndikuseka, mwanawe, wachita bwino. Lipotilo ndalikhomera pakhoma, pamwamba pa bedi. Ndimaliyang'ana m'mawa, ndipo nambala 3 yokhayo ndimaizindikira.

Ndamva kuti achimwene anu anabweranso ndi nkhani yomwe ija, ati mayi wa sitolo wawonjezera malipiro. Munawayankha bwino. Akabweranso muwapatse mpando ndi madzi akumwa, koma mwana alowe m'nyumba ndi makope ake.

Ku ntchito kwasintha kanthu kakang'ono. Abwana apeza kogula mankhwala kotchipa. Migolo yatsopano yonse ndi yoyera, zivindikiro zoyera, kusiyana kwake ndi zilembo basi. Tsiku loyamba ndinaima pakhomo pa kachipinda kaja ndikungoyang'ana migoloyo. Ndinajambula zilembozo pa katoni mmene ndinaziwonera n'kubwera nazo kwa a Tela. Anatembenuza katoniyo uku ndi uku, akuti pakuoneka ngati papalasa nkhuku. Mainawo ndi aatali, ndipo onse amayamba mofanana. A Tela akhala akundiphunzitsa Lamulungu lililonse, koma mutu wa zaka makumi asanu ndi wouma. Chimene ndagwira m'mawa, pofika masana chathawa.

Komabe Mulungu sapatsa munthu umphawi wokhawokha, ine anandipatsa mphuno. Ndimatsegula chivindikiro pang'ono n'kununkhiza. Choyeretsa chimaluma m'mphuno, chochotsa dzimbiri chimanunkha mowawasa. Ndikadziwa, ndimakanda mgolo ndi msomali, uwu mzere umodzi, uwu mizere iwiri. Masabata atatu tsopano palibe chalakwika.

A Tela akuti ndikaulule kwa kapitawo. Kuulula n'kubwerera ku ngolo, ndipo mwina akhoza kungondithamangitsiratu chifukwa cha bodza lija. Iwowa ana awo anamaliza sukulu kalekale, kulankhula sikuwavuta.

Ndatumiza za mwezi uno. Mugule palafini wokwanira, mwana asamawerenge ndi nyali yothima. Bulangete limodzi ndatumiza ndi dalaivala wa lole yobwera kumudziko.

Wanu nthawi zonse,
Bambo a ana


19 Julayi

Mayi a ana,

Moni. Ndikhulupirira kuti kuzizira sikunakupwetekeni. Ine ndili bwino, kachimfine chabe. Mphuno zatsekeka. Tiyi ndikumwa ngati madzi otentha, ngakhale sokosi za a Tela sindikuzimva fungo, limene ndi dalitso lalikulu.

Ndatumiza mazana asanu ndi awiri. Musunge atatu a teremu ikubwerayi, musawakhudze ngakhale mlendo atabwera. Mbuzi yamawanga ikaswa mundiuze. Mzime wathu muzimutumiza ku sukulu ngakhale alire, ine ndinayamba ndi kujomba tsiku limodzi.

Migolo yanga ya mizere ija yatha dzulo. Lolemba kukubwera yatsopano. Ndinaganiza zogona kunyumba masiku awiri, koma kapitawo ali ndi mphwake amene anamaliza sukulu ndipo akungoyendayenda pa geti. Ukasiya mpando kuno suupezanso. Pofika Lolemba chimfinechi chikhala chitatha, a Tela andigulira mafuta opaka pamphuno.

Chisamba, masamu aja akukuvuta ufunse aphunzitsi. Usachite manyazi kufunsa.

Wanu,
Bambo a ana


12 Seputembala

Mayi a ana,

Moni kwa inu ndi ana. Pepani chifukwa chokhala chete nthawi yonseyi, ndikudziwa kuti maso anu akhala ali kunjira. Ndinadwalako pang'ono, ndinagona m'chipatala masabata angapo, koma tsopano ndatuluka. Chimfine chija chinatsikira m'chifuwa. Kulankhula kwambiri kumanditopetsa, ndiye kalata ino ikhala yaifupi. A Tela akondwa.

Chipinda chathu chili pamwamba, masitepe makumi atatu ndi awiri. Kale sindinkadziwa kuti alipo angati. Tsopano ndimapuma kawiri ndisanafike pakhomo.

Ku chipatala namwino anandiyang'ana kamodzi kokha n'kujambula dzuwa ndi mwezi pa kathumba ka mapiritsi, osandifunsa n'komwe. Kani umbuli umaoneka pankhope. Ine ndimayesa ndaubisa zaka zonsezi.

Ku ntchito andipatsa tchuthi. Mwezi watha sindinatumize kanthu, ndipo uno sinditumizanso. Gulitsani mbuzi ziwiri, yamawanga musiye. Ndi zimene munasunga zija mukapereke ku sukulu, mukawauze ahedi kuti zotsala zikubwera. Chisamba asajombe ngakhale tsiku limodzi. Zinthu zikhala bwino posachedwa.

Wanu,
Bambo a ana

Mlamu, ndine Tela. Mizere iyi ndawonjezera eni ake asakudziwa, akuyesa ndikulemba adiresi. Mundikhululukire, koma dzanja langa lakana kutumiza bodza. Lolemba lija la migolo yatsopano, amuna anu anathira mankhwala ochotsa dzimbiri m'thanki ya choyeretsa. Munatuluka utsi wachikasu. M'malo mothawa, anabwerera kukatseka chitseko kuti utsi usafike kwa amayi osita, ndipo anthu anawatulutsa atakomoka. Mapapo anapsa. Dokotala akuti ntchito yolemetsa sadzagwiranso. Tchuthi akunenacho si tchuthi, anawachotsa ntchito. Za lendi ndi chakudya musadandaule, ndilipo. Ndangoti mudziwe kuti mukonzekere.


17 Okutobala

Mayi a ana,

Moni. Ndili moyo. Sindinenanso kuti ndili bwino, poti wina anakuuzani kale zonse. Lembani, a Tela, kuti ndinu njoka. Akuti alemba. Kaya alembadi, ine ndidziwa bwanji? Masiku anayi sitinalankhulane m'chipinda cha mabedi awiri. Lachisanu ndinafuna kulemba kalata, ndipo dzanja lina ndilibe.

Kalata yanu inafika, yolemba achimwene anu, m'kati muli zana limodzi ndi theka. Akuti ndi malipiro oyamba a Chisamba kwa mayi wa sitolo. Akuti Chisambayo anakuwerengerani mizere ya a Tela mpaka kumapeto, anapinda kalata, m'mawa mwake anapachika yunifolomu pa msomali n'kupita yekha kwa amalume ake. Akuti palibe anamukakamiza. Alamu anga sanaiwale kuwonjezera kuti iwo ananeneratu.

Mayi a ana, utsi uja sunandipweteke mmene yandipwetekera envelopu imeneyi. Ndinalira, bambo wamkulu, mpaka chifuwa chinanditseka. Inu munali kuti mwana akutuluka pakhomo? Ayi, musayankhe, ndikudziwa kuti munalira kuposa ine. Ndalamazo ndabweza momwemo. Mankhwala ogula ndi sukulu ya mwana wanga sangatsike pakhosi panga.

Poti chinsinsi chatha, imvani zonse. Lolemba lija mphuno zinali zotsekabe. Migolo iwiri inaima patsogolo panga, yoyera yonse, payipi ili m'manja. Ndinanunkhiza mpaka misozi, osamva kanthu. Kapitawo anadutsa pakhomo pomwepo. Ndikanangoti, "Bwana, uwu ndi uti?" Mawu ochepa chabe. Koma ndinaopa ngolo, ndinaopa mphwake uja, ndinaopa kusekedwa ndi anyamata a pa makina. Ndinasankha wa kumanja, chifukwa mkulu uja ankaika chofiira kumanja. Amene anatsitsa migoloyo pa lole sankadziwa za kumanja kwanga. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndadya lokwanira.

Kampani yandiitana. Pali pepala lakuti ndikadinda chala kuvomera kuti cholakwa n'changa, ndiponso kuti sindidzawavutitsanso, andipatsa ndalama kamodzi n'kusiyana. Munthu wa bungwe la antchito waliwerenga, akuti ndisayerekeze. Akuti abwana anali ndi udindo wondiyesa, wondiphunzitsa ndi wondipatsa chotchinga kumphuno. Akuti mlanduwu tikhoza kupambana, kampani n'kumandilipirira chipatala moyo wanga wonse. Ndinafunsa kuti liti. Akuti zaka ziwiri, mwina zitatu.

Mukalandira kalatayi, m'mawa mwake muvale nsalu yanu yabwino mupite kwa ahedi. Mukafunse kuti malo a mwana awasunga mpaka liti. Yankho alembe wina aliyense, koma osati achimwene anu.

Wanu,
Bambo a ana


8 Novembala

Mayi a ana,

Moni kwa inu ndi mzime wathu. Chifuwa chili momwemo, masiku ena chimandilola, masiku ena ayi. Ndathokoza kuti munapita kwa ahedi, ndipo ndathokoza kuti analemba okha yankho. Akuti mwana akafika mwezi uno usanathe n'kulemba mayeso a kutha kwa chaka, malo ake alipo. Akapanda kufika apatsa wina, chifukwa odikira ndi ambiri.

Ndadinda pepala lija.

Ndinapita Lachitatu ndi a Tela. Mu ofesi munali kalaliki, mpando umodzi ndi kabokosi ka inki. Kalaliki anandilozera podinda, koma ine ndinati adikire. Ndinauza a Tela kuti awerenge mokweza kuyambira pamwamba mpaka pansi, kawiri, ndi tizilembo tating'ono tomwe. Kalaliki anayang'ana wotchi, ine ndinayang'ana kudenga. M'moyo wanga ndadinda mapepala ambiri osadziwa zimene akunena. Limeneli ndalidziwa mawu ndi mawu. A Tela anandigwira mkono. Anati, "Achimwene, ndinakulakwirani kamodzi, koma apa ndikukupemphani, musadinde." Ndinati, "Siyani mkono, a Tela, inki ikuuma."

Munthu wa bungwe uja anandipeza pa geti atakwiya. Anati, "Bambo, mwagulitsa mapapo anu pa mtengo wa nkhuku. Mankhwala akatha mudzapita kwa yani?" Ndinamuyankha kuti ine zaka zitatu ndikhoza kudikira, kapena kufa ndikudikira. Koma mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi sangadikire zaka zitatu m'khitchini mwa eni. Akadzatuluka m'menemo adzatuluka ndi mwana kumsana, ndipo nayenso azidzauza anthu kuti magalasi waiwala. Ndi munthu wabwino, ndipo mwina akunena zoona.

Ndalama zonse ndatumiza ku sukulu, m'manja mwa ahedi, osati kunyumba. Musakhumudwe, si kuti sindikukhulupirirani. Ndikudziwa kuti zikanafika kwa inu mukanazibweza kuno kuti ndigule mankhwala. Zikwanira mpaka kutha kwa Fomu 3. Za Fomu 4 sindikudziwa. A Tela andipatsa ntchito yosokerera mabatani, yogwira nditakhala pansi. Masana onse ndimasoka mabatani a malaya a anthu, ndipo akuti ndikuchedwa. Kumudzi sindibwera tsopano, ndingakhale pakamwa powonjezera chabe. Mankhwala opopera m'kamwa amene anandipatsa ku chipatala afika Januwale. Za kutsogolo kwa apo musandifunse.

Tsopano mverani. Kalata ino ndaitumiza ku sukulu kuti ahedi ndiwo akuwerengereni, musapatse munthu wina aliyense wa pafupi. Ahedi akakufikitsani kumapeto kwa ndime ino, asapitirire, muipinde, mukwere basi ya m'mawa, mupite kwa mayi wa sitolo. Musalowe m'nyumba, musalandire tiyi. Mumuitane mwana panja, mumupatse kalatayi ayiwerenge yekha kuyambira pamwamba, mokweza, inu mukumva.

Iwe Chisamba, mwana wanga. Wawerenga zonse, ndipo ulendo uno palibe chimene ndakubisira. Unachita zimene unachita chifukwa umandikonda, ndikudziwa, ndipo sindikukukalipira. Koma pepala ladindidwa kale, silingafufutike. Ndalama zili ku sukulu, ndipo sadzazibweza kwa ine kapena kwa wina aliyense. Ukatsala m'khitchinimo sundipulumutsa, ungochititsa kuti chifuwa changa chikhale chogulitsidwa pachabe. Pukuta m'manja, ukatsanzike mwaulemu, utenge kathumba kako ubwerere ndi amayi ako lero lomwe. Lolemba ukakhale m'kalasi.

Ndine bambo ako